Basilio Wawaya Ayamba Kuyenda

Yara ankakhala ku Ulongwe. Anali ndi kachidole ka waya. Dzina lake linali Basilio.

Basilio ankapinda mikono. Ankapinda miyendo. Koma sankayenda. Yara ankafuna kuti Basilio ayende.

Kusukulu, aphunzitsi ake, Apulofesola Argentina, anaphunzitsa ana njira yoyendetsera chidole.

"Jambulani foto imodzi," anatero. "Sunthani mwendo pang'ono. Jambulaninso. Mafoto akatsatana msanga, chidole chimayenda. Koma foni isasunthe! Lolemba aliyense abwere ndi kafilimu kake."

Pakhomo panali foni imodzi yojambula. Inali ya atsibweni ake, a Salvador. A Salvador anajambulapo ukwati umodzi ku Domwe. Umodzi wokha. Kuyambira pamenepo ankadzitcha katswiri.

"Foni iyi si ya ana," anatero a Salvador. "Ndijambula ndekha."

Yara anaimika Basilio patebulo. Anasuntha mwendo pang'ono. A Salvador anajambula ataima.

Yara anasunthanso mwendo. A Salvador anajambula atagwada.

Yara anasunthanso. A Salvador anakwera pampando. Kenako anagona pansi chafufumimba.

"Akatswiri timatero," anatero, akusasa fumbi.

Anaonera kafilimu kaja. Basilio sanayende. Analumphira kumwamba. Anagwera pansi. Anakula. Anachepa. Kenako anasowa. Panaoneka nsapato ya atsibweni.

"Chidole chako n'chosamva," anatero a Salvador.

Yara anadziwa chimene chalakwika. Foni inkasuntha. Koma mwana sauza atsibweni ake kuti, "Mwalakwitsa." Yara anangoti, "Zikomo, atsibweni."

Anapita kuseri kwa nyumba. Misozi inalengeza m'maso. Lolemba linali mawa.

Amayi ake, a Isabel, ankasankha nyemba. Dengu linali lodzaza.

"Basilio wayenda?" anafunsa Amayi.

"Ayi. Amene akuyenda ndi atsibweni."

Amayi anabisa pakamwa ndi nsalu yawo ya kapulana. Mapewa awo anagwedezeka.

Yara anatola kamtengo. Anakazika mu nyemba. Kamtengo kanaima. Anakasiya. Sikanagwe. Yara anapukuta misozi.

"Amayi, ndibwerekeni dengu."

Anapita nalo kwa atsibweni. Anagwada.

"Atsibweni, ntchito yaikulu ilibe munthu."

A Salvador anatukula mutu. "Ntchito yanji?"

"Ya wolamula. Wolamula amakhala pampando. Amati, 'Tsopano!' Kenako amadina ndi chala chimodzi."

"Nanga foni agwira ndani?"

"Nyemba, atsibweni."

A Salvador anayang'ana dengu. Anayang'ana mpando. Anatsokomola pang'ono.

"Ndimafuna kunena zomwezo," anatero.

Anazika foni mu nyemba. Foni inaima nji! A Salvador anakhala pampando. Anasanjika miyendo.

Yara anasuntha mwendo pang'ono.

"Tsopano!" A Salvador anadina.

Yara anasuntha mkono pang'ono.

"Tsopano!" A Salvador anadina.

Pang'ono. Tsopano! Pang'ono. Tsopano!

Msana wa Yara unawawa. Mawu a atsibweni anasasa. Nyemba zokha sizinatope.

Mafoto anakwana makumi anayi. Yara anaitana Amayi. Onse atatu anaweramira pafoni.

Basilio anatukula mwendo. Anaponda. Anatukula wina. Anaponda. Anayenda! Anayenda mpaka kumapeto kwa tebulo.

"Wayenda!" anakuwa Yara. "Amayi, Basilio wayenda!"

Amayi analulutira. Yara anavina.

A Salvador anaoneranso kafilimu kaja. Anaoneranso kachitatu. 

"Mawa ndikuperekeza kusukulu ndi foniyi," anatero.

"Zikomo kwambiri, atsibweni!"

"Iwe Yara, waya watsala?"

"Watsala, atsibweni."

"Upange chidole china. Chachitali. Chovala jekete ngati langali." Anatsitsa mawu. "Koma mimba usaike."

Amayi anaseka mpaka anakhala pansi. Yara anathamanga kukatenga waya.