Fayilo Yonunkha Utsi

Nkhani iyi ndinaimva zaka zomwe ndinkangoyendayenda, chikwama paphewa, ntchito iliyonse ndikuigwira miyezi iwiri basi. Tinali m'chipinda chodikirira sitima, mvula ikuwomba malata, ndipo bambo wina wajekete lotuwa anayamba kusimba popanda womufunsa.

Kunali kalaliki wina, anatero, wosunga mafayilo kukhoti la ana. Lamulo la kumeneko ndi lolimba: pachikuto salembapo dzina, amangolemba nambala, ndipo fayilo ikamangidwa chingwe palibe womasula popanda chilolezo cha woweruza, kaya ndi kholo, kaya wapolisi, kaya kalaliki yemweyo.

M'mawa wina anapeza fayilo nambala 63 ili patebulo pake, ikumveka kafungo ka utsi. Kabati ya mafayilo inali yokhoma, kiyi ali m'thumba mwake. Nambalayo ankaidziwa bwino, pakuti fayiloyo inali yake. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anatentha chipinda chosungira mabuku kusukulu, ndipo chala chimodzi chakuphazi lamanzere chinatsala m'moto momwemo. Mkazi wake sankadziwa. Mabwana ake sankadziwa, ndipo akanadziwa, kiyi akanamulanda tsiku lomwelo.

Anaibweza pashelefu yapamwamba, nakhoma. Kutacha, ili patebulo. Tsiku lachitatu chimodzimodzi, koma mfundo ya chingwe itakhwepa, ngati wina wayesa kumasula n'kulephera.

"Achimwene," kalalikiyo anafunsa mlonda, "usiku mumalonda kapena mumagona?"

"Zonse ziwiri, bwana, mosinthanitsa." Mlondayo anaseka, kenako anatsitsa mawu. "Koma m'chipinda mwanumo, magetsi akangozima, mumamveka mpando ukukokedwa. Pang'onopang'ono, kuima, kukokanso. Ngati munthu wamfupi akufuna kufikira pamwamba."

"Osalowa bwanji?"

"Ndi kiyi wanji? Ndipo ine ndili ndi ana, bwana."

Manong'onong'o anayamba. Osesa ankati kalaliki akugulitsa zinsinsi za ana kwa olemba ntchito. Ena ankati pali kholo lomwe analikaniza kuwona fayilo ya mwana wake, ndiye lamuchita chipongwe. Iye anafika podzikayikira yekha. Kodi amadzuka ali m'tulo n'kubwera kuno? Anamangirira kiyi kumwendo wa bedi. Kutacha, kiyi ali pomwepo, fayilo ili patebulo.

Madzulo ena anawaza fumbi la choko pansi ponse asanakhome. M'mawa anapeza mapazi. Aang'ono, opanda nsapato, ochokera pakabati kukafika patebulo. Ochokera pakhomo panalibe. Phazi lamanzere linali ndi zala zinayi.

Anapita kwa woweruza, mayi wamagalasi wosakonda zocheza.

"Amayi, fayilo 63 ikutuluka yokha m'kabati. Ndiloleni ndiimasule, mwina ndimvetsa. Ndi... ndi yanga. Mwanayo ndine."

"Sindinakufunseni kuti ndi ya ndani." Anatsegula kaundula, nayendetsa chala. "63 tinaiwotcha. Mwana akakula osalakwanso, fayilo yake timawotcha. Inu munali musanayambe n'komwe ntchito."

"Nanga ndakhala ndikukhomera chiyani zaka zonsezi?"

"Kaitengeni tione."

Patebulo panalibe kanthu. Pashelefu, 62 ndi 64 zinali zogundana, fumbi lake lakalekale. Atabwerera chimanjamanja, woweruza anatambasula dzanja.

"Kiyi musiye pano, bambo. Sindikudziwa ngati n'chifukwa cha zomwe mwaulula kapena zomwe mukuti mukuwona. Koma musiye."

Chinsinsi chomwe lamulo linali litamufufutira kale, anachiulula ndi pakamwa pake.

Wosimbayo analekezera pomwepo. Ndinafunsa kuti, nanga mapazi aja anali a ndani? Nanga mlonda ankamva chiyani? Iye anangoyang'ana wotchi yapakhoma. Nthawi inali isanakwane n'komwe eyiti, koma anaimirira, namanga mabatani a jekete.

"Akulu, sitima sinafike," ndinatero. "Ndipo kunja kukugwa mvula."

"Ndikakhalitsa malo amodzi, m'mawa fayilo ija ndimaipeza pambali panga," anayankha.

Anatuluka akutsimphina pang'ono mwendo wamanzere. Pabenchi pomwe anakhala panatsala kafungo ka utsi.