Mayina Atatu Patsamba Lothokoza

Guluu sanaume, ndiye musandiyang'ane ngati ine ndi amene ndimayendetsa dzuwa. Khalani pabenchipo. Mas, inu achimwene, tasunthirani uko, mayiwo akhalenso. Podikira mabuku anu ndikumangawa ndikuponyereni ndagi. Wopereka amanenepa, wolandira amaonda, koma wovina ndi wolandirayo. N'chiyani?

Zii! Anthu a digiri yachiwiri, mwagonja kwa ine wolekezera pulayimale? Chabwino, muziganiza. Ine ndikhale ndikukusimbirani za Darmaji.

Darmaji anali kalaliki muno mu Surabaya, pakampani ina yopanga ndowa ndi mabeseni apulasitiki. Zaka khumi ndi chimodzi pampando umodzi, mpaka mpandowo unaloweza matako ake. Makolo anamusiya ali wamng'ono. Anamulera ndi achemwali ake, Mbak Lasmini, amene ankakazinga tempe, timakeke tathu ta soya, ndi nthochi pakangolo kawo pangodya ya msewu uno. Lasmini sanakwatiwe. Ankati, "Mwana ndili naye kale, mwamuna ndimutani?" Mpaka anagulitsa ndolo za malemu mayi awo kuti mlongo wawoyo akachite maphunziro apamwamba a kayendetsedwe ka bizinesi ndi utsogoleri, aja a Loweruka lokhalokha.

Kusukuluko ndiye kunamudwalitsa mtima. Anzake ankabwera pagalimoto, wina ndi dalaivala yemwe. Iye pakanjinga kamoto kotsokomola, malaya akununkha mafuta okazingira. Tsiku lina mnzake wina, mwana wa mwini fakitale ina, ananunkhiza m'mwamba n'kunena kuti, "Mas Darmaji, mwatitengerako tempe, kapena ndi pafyumu wanu ameneyu?" Kalasi yonse inaseka. Iyenso anaseka nawo. Anaona kuti anzakewo mipando ikuwadikira kale kumakampani a abambo awo. Iye akamaliza adzabwerera kumabeseni, pepala lili m'manja.

Ndiye atatsala pang'ono kumaliza kulemba buku lake, buku ngati anuwa, anakwera basi mpaka kupitirira tawuni ya Malang, n'kuyenda wapansi m'minda ya khofi kukapeza sing'anga wina, Mbah Ngadiran. Anafika dzuwa lili paliwombo. Anapeza nkhalambayo ili pakhonde ikusenda chinangwa.

"Ndikufuna chuma, Mbah. Ndatopa kusekedwa."

Nkhalamba sinadzutse mutu. "Kusukulu kwanuko amakuphunzitsani chiyani, mwanawe?"

"Utsogoleri, Mbah."

"Mtsogoleri wabwino amatani?"

"Sasenza katundu yekha. Amagawira anthu ake."

Mbah anaseka, mano awiri okha. "Ndiye ine ndi aphunzitsi akowo tinaphunzira kumodzi! Chuma ndikupatsa. Katundu wake ndi wolemera, koma susenza iwe. Ndimamva kuti m'mabuku mwanumo mumakhala tsamba lothokoza anthu."

"Limakhalamo, Mbah, koyambirira."

"Ulembepo mayina atatu. Upakepo mafuta awa. Aliyense umupatse buku ndi dzanja lako, awerenge dzina lake, akondwe. Chaka chilichonse, likafika tsiku limene udzavale mkanjo womaliza maphunziro, mmodzi azipita. Kuyambira wapamwamba."

"Azipita kuti?"

"Wophunzira ngati iwe ungafunse zimenezo?"

Darmaji anati, "Ndilemba bwana wanga. Ameneyo ndimulemba ndi zilembo zikuluzikulu."

"Anakuthandizapo chiyani?"

"Palibe."

"Eni chumachi sadya nyama yowawa. Amafuna amene anakuchitira zabwino ndi mtima wonse. Zikomo wabodza sakoka munthu."

"Nanga awiri, Mbah, sizingatheke?"

"Pano si pamsika wa nsomba." Nkhalamba inaloza njira ndi mpeni. "Basi yobwerera ikadalipo. Mabeseni akukudikira."

Darmaji anatenga kabotoloko.

Munthu wosauka alibe omuthandiza ambiri, ndiye posankha sanavutike. Pamwamba analemba Bu Retnowati, mphunzitsi amene ankamuwongolera bukulo, mayi amene ankamusiyira mpunga wawo akaona kuti sanadye. Wachiwiri Kuswanto, mnzake yekhayo m'kalasimo, amene anamuwerengera masamu onse a m'bukumo popanda kupempha ngakhale fodya. Pachitatu cholembera chinaima. Koma anadziuza kuti, zaka zitatu n'zambiri, pofika pamenepo ndidzakhala ndi chuma, ndipo wachuma sasowa njira. Analemba Lasmini.

Bukulo linamangidwa patebulo lomwe lino, ndi manja omwe ano. Chikuto chakuda, zilembo zagolide. Nditafika patsamba lija ndinamva fungo la lubani, pakona pali banga la mafuta. Ndinati, "Mas, ili ladetsedwa, ndisindikize lina." Anandigwira dzanja mwamphamvu. "Lisiyeni, Pak, bambo wanga." Kenako anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kumwetulira. "Komatu inunso mwandithandiza kwambiri, Pak. Mapepala angati mwandipatsa aulere? Bwanji ndifufute dzina lomalizali ndi cholembera, ndiikepo lanu?"

Ine ndinachita manyazi. Ndinati, "M'malo mwa achemwali anu? Ine ndine yani? Komanso buku la digiri yachiwiri salifufuta ndi cholembera." Mukuona? Ulemu wangawo unandipulumutsa ine, n'kusiya khosi la Lasmini pampeni. Mpaka lero ndikakumbukira kumwetulira kuja, khofi amandiwawa m'kamwa.

Tsiku lovala mkanjo Lasmini anatseka kangolo, koyamba chiyambire. Mlongo wake atamupatsa buku, anawerenga ndi chala, chilembo chimodzichimodzi: "Kwa Mbak Lasmini, amene anakhala mayi anga ndi bambo anga." Abale inu, mayi uja analira, kenako anavina pamsewu pomwepa, njinga zamoto zikumuimbira mahutala. Tsambalo analidula n'kuliika m'galasi, n'kulipachika pakangolo. Aliyense wogula tempe ankayamba wawerenga. "Mwaona? Dzina langa lili m'buku la kuyunivesite!"

Chuma sichinachedwe. Mwezi usanathe bwana uja anachotsedwa, Darmaji n'kukhala pampando. Chaka chisanathe anatsegula kampani yakeyake, malole akutuluka m'mawa ngati nyerere. Masaya anatuluka, lamba anaboola bowo latsopano. Mwana wa mwini fakitale uja anayamba kumudikira pabenchi panja pa ofesi. Kuswanto anamutenga kukhala manijala wamkulu, anthu n'kumati, onani munthu wosaiwala anzake.

Bu Retnowati anayamba kuonda. Madokotala anayeza chilichonse, osapeza kanthu. Tsiku lija litakwana chaka, anagwa akulemba pabolodi. Nkhata yamaluwa yaikulu kuposa zonse pamaliropo inali ya Darmaji.

Chaka chachiwiri, Kuswanto. Munthu anali wamimba, wokonda nthabwala, koma wotchi inayamba kumutsetsereka mpaka m'chigongono. Ankati, "Bwana, ine ndikuonda inu mukunenepa, kodi mukudya mbale yanga?" Onse n'kuseka. Darmaji anamutumiza kuchipatala chodula. Tsiku lomwe lija, mwezi womwe uja, Kuswanto anatsikira kulichete, n'kusiya mkazi, Mbak Wartini, ndi ana awiri.

Tsopano Lasmini anayamba kutsokomola. Zibangili zinayamba kumuvuka.

Darmaji anabwerera kuphiri, ulendo uno pagalimoto.

"Mbah, tchulani chilichonse. Nyumba, malole, tengani. Achemwali anga okha asiyeni."

"Malole ndiwadye? Njira ilipo, ndipo ndi yaulere. Ukawauze zonse. Akadziwa, akubwezere tsambalo ndi dzanja lawo. Akatero apulumuka."

"Basi?"

"Basi. Katundu akakanidwa amabwerera kwa mwini wake."

"Kwa ine?"

"Nanga analemba ndani?"

Anapitadi kwa achemwali ake, ndinamuona. Anaima pakangolo, suti ili phuliphuli, pakamwa pakutseguka n'kutsekeka ngati nsomba. Lasmini anapukuta galasi lija ndi nsalu n'kunena kuti, "Dik, mlongo wanga, ukundiyang'ana chiyani? Ndi chifuwa chabe ichi. Tenga kanthochi aka, kotentha." Darmaji anadya nthochiyo, n'kukwera galimoto. M'mawa mwake anatumiza filiji yaikulu ndi matilesi atsopano. Mawu okha sanatumize.

Amene anatulukira ndi Wartini, wamasiye uja. Akulongedza katundu wa mwamuna wake anapeza bukulo. Anawerenga mayina atatu, n'kukumbukira masiku a maliro awiri aja. Mkazi wa kwathu kuno ku Java safuna kuuzidwa kawiri nkhani yotere. Anakwera minibasi mpaka pangodya pano kudzauza Lasmini.

Kutatsala masiku atatu kuti tsiku lija likwane, Lasmini anaitanitsa mlongo wake. Anali masana, ine ndili pamzere ndikudikira tempe wanga. Lasmini anatsitsa galasi.

"Dik, tandiwerengere apa. Maso anga afooka."

Darmaji anawerenga.

"Woyambayo ali kuti?"

"Anamwalira, Mbak."

"Wachiwiriyo?"

"Nayenso, Mbak."

"Lachinayi likubwerali ndi tsiku lanji?"

"Mbak, zangochitika izi, musamvere za anthu..."

"Ndinakusambitsa ine. Ukamanama khutu lako limafiira. Taligwira."

Darmaji anagwada m'fumbi ndi suti yomwe. "Ndinali ndi pulani, Mbak. Ndimati pofika chaka chachitatu ndikhala nditapeza njira."

Lasmini sanakuwe. Bola akanakuwa. Anati, "Ukudziwa chikundipweteka? Ukanabwera n'kunena kuti, Mbak, ndipatseni moyo wanu, mwina chitsiru ine ndikanapereka. Ndinapereka kale zina zonse. Koma iwe unandivinitsa pamsewu. Zaka zitatu ndakhala ndikupukuta manda anga ndi nsalu, n'kumaitana anthu kuti adzaone."

Anatsegula galasi, n'kutulutsa tsambalo. Mukudziwa kuti zokazinga zathu timakulungira m'mapepala otha ntchito. Analipinda ngati kathumba, n'kuikamo tempe atatu otentha, mafuta akulowerera pamayina paja. "Tenga zikomo wako. Kwa ine wakula."

Darmaji anabisa manja kumbuyo. "Mbak, musatero! Mukandibwezera zibwera kwa ine!"

Msewu wonse unaima. Ngakhale mafuta m'chiwaya anakhala ngati asiya kulira.

"Oho," anatero Lasmini. "Ndiye njira inalipo. Unkaidziwa tsiku lija unadya nthochi yanga?"



Mayi uja anali atatsala mafupa okhaokha, koma anakoka dzanja la mlongo wake ngati akukoka mwana wokana kusamba, analitambasula, n'kuikamo kathumbako, n'kupinda zala zake chimodzichimodzi. Kenako anatembenuka kwa ine. "Pak, mwati angati?"

Lachinayi lija Darmaji anali ndi msonkhano wa mamanijala ake. Anaimirira kuti alankhule, n'kunena kuti, "Choyamba ndithokoze." Anathokoza mamanijala. Anathokoza wophika tiyi. Anathokoza mpando, fani, chitseko. Anatuluka panja akuthokoza malole. Sanasiyenso. Kampani inagwa ngati nyumba yodyedwa ndi chiswe, malole ena kugubuduzika, ena kutengedwa, nyumba yosungira katundu n'kupsa dzuwa likuswa mtengo. Lero mukadutsa kusiteshoni ya sitima mudzamuona, nthiti zili pamtunda, akugwadira aliyense, "Zikomo Pak, zikomo Bu." Odziwa nkhaniyi amatseka makutu n'kuwolokera tsidya lina.

Lasmini anachira. Thupi linabwerera, koma kuseka ayi. Filiji ija anaipereka kumzikiti. Mukamufunsa za mlongo wake amati, "Ine ndinabadwa ndekha."

Ndiye ndikuuzeni, ana anga ophunzira. Chuma chofulumira chilibe chaulere, ndipo dyera silidya adani ako, limadya amene amakukonda, chifukwa ndi okhawo amene amaima pafupi. Kusukulu akakuuzani kuti mtsogoleri amagawira ena katundu, mufunsenso kuti katundu wake uti. Wina ndi wa mutu wako wokha. Ukakwera pamsana pa amene anakubereka, ukafika pamwamba udzapeza palibe wokutsitsa.

Eya, guluu wauma. Ili la Mas, ili la Mbak. Taonani, aliyense akuthamangira kununkhiza tsamba lake! Musaope, pano timapaka guluu yekha.

Nanga ndagi yanga? Wopereka amanenepa, wolandira amaonda, wovina ndi wolandirayo. Ndakutafunirani, kwatsala kumeza. Palibe? Ehe, mayi aja akweza dzanja, amene aperekeza amuna awo kudzatenga buku. Tiuzeni, Bu.

"Ukwati."

Mwaphonya, Bu. Koma inu Pak, amuna a mayiwa, bwanji khutu lafiira?