Dothi la Kuseri kwa Mpanda

Izi zinachitikira Tisunge ku Govan, kudziko la azungu kumene amagwira ntchito, ndipo mayi Sellina, amene amapemphera naye mpingo umodzi, anaziona ndi maso. Si munthu wokonda kukometsera nkhani.

Tisunge ankasita yunifolomu ya kuchipatala pamene foni inalira. Anali Overtoun, mnzawo wa a Fryson, achimwene ake a Tisunge, amene ankagwira nawo ntchito pamgodi wa miyala ya chitsulo kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kumene dzuwa limasowa nyengo yonse yozizira. Mgodi unali utagumuka. Fryson anali atapita.

Mtembo unatumizidwa kumudzi, koma amayi awo sanakhazikike mtima, ndipo anamuimbira Tisunge. "Thupi lafika, mzimu watsala konko. Pita ukatape dothi pamene anafera, umutchule dzina, ubwere naye."

Tisunge anapita. Alonda anamukaniza kulowa mumgodi, ngakhale mmodzi anamupatsa tiyi ndi magolovesi ake. Choncho anazungulira kuseri kwa mpanda, napala chipale chofewa, natapa dothi m'kampango. "Achimwene, tiyeni kwathu," ananong'ona.

Atabwerera ku Govan, analiika pawindo kudikira tchuthi chopita ku Malawi.

Nyumba inayamba kuzizira, hita ili chiyakire. Kenako kunabwera fungo la utsi wa nkhuni ndi chikopa chonyowa. Madzulo ena, mdima utagwa msanga, Sellina anabwera ndi masikono kudzamuona. Ali pakati popemphera, pamasitepe panalira kabelu, konga ka pakhosi pa chiweto. Kanakwera. Kanaima pakhomo.

Kuwindo kunayamba nyimbo. Yopanda mawu. Liwu la mayi wokalamba.

"Achimwene anu ankaimba chonchi?" Sellina anafunsa motsitsa.

"Ayi."

Tisunge anaimbira Overtoun, namufotokozera pamene anatapa dothi. Overtoun anayankha kuti:

"Achemwali, kuseri kuja kunali manda a eni dera, oweta nyama zonga agwape aja. Nthaka itayamba kung'ambika chifukwa cha mgodi, mudzi unasamutsidwa, manda nawonso. Koma akuti ena sanawapeze."

Foni inaduka. Nyimbo inali isanaleke. Sinali yaukali. Inkamveka ngati munthu woitana ziweto zimene sizikubwera.

Tisunge anaganiza za Fryson, amene ankadana ndi kuzizira kuyambira ali mwana, atatsala yekha mumdima uja akudikira woti amuitane. Anaganizanso za mayi woimbayu, wosiyidwa ndi abale ake, kenako wonyamulidwa m'chikwama kudzafika kumudzi wa njerwa kopanda womudziwa.

Sellina anamugwira mkono kuti atuluke. Iye anakana. Anagwada pansi pa windo, nawomba m'manja pang'onopang'ono monga amachitira kwawo pamaso pa wamkulu.

"Amayi, sindikudziwa dzina lanu. Ndinkafuna mlongo wanga. Anakuchotserani mudzi, ine ndakuchotseraninso pogona. Ndikubwezani ndekha. Pepani, amayi. Ndikhululukireni."