Kachiwala ndi Kokonati wa Bambo

Kachiwala anali mtsikana wosakhazikika. Poyenda ankadumpha. Potumidwa ankadumphanso. N'chifukwa chake onse ankamutchula Kachiwala.

Koma Kachiwala anali ndi chisoni. Ankawasowa bambo ake. Bambo ankayendetsa galimoto yaikulu ya katundu. Akapita, ankakhalitsa.

Tsiku lonyamuka, Bambo anabweretsa kokonati wouma, wosasenda. Anathira dothi ndi mchenga m'ndowa yobooka pansi. Anamugoneka kokonatiyo chammbali. Msana wake anausiya poyera.

"Uzimuthirira m'mawa uliwonse," anatero Bambo. "Ndikadzabwera, tidzamudzala limodzi kuseri kwa nyumba."

"Ndimusamala, Bambo. Mudzamupeza ali moyo," anatero Kachiwala.

M'mawa uliwonse Kachiwala ankathirira. Akatha kuthirira, ankamuzula kokonati uja. Ankamuika pakhutu n'kumugwedeza.

Khutchu! Khutchu! Madzi ankamveka m'kati.

"Ali moyo!" ankatero Kachiwala. Kenako ankamubwezera m'ndowa.

Lolemba, khutchu khutchu. Lachitatu, khutchu khutchu. Ngakhale Lamlungu, khutchu khutchu. Kokonatiyo sankapuma n'komwe!

Achimwene ake ankamuseka. "Iwe, ameneyo si wailesi!"

"Ndisiyeni, achimwene," ankayankha Kachiwala. "Ndikumvera moyo wake."

Masabata anadutsa. Galimoto ikalira pamsewu, Kachiwala ankathamangira kuchipata. Sanali Bambo. Ina ikalira, ankathamanganso. Sanalinso Bambo. Ankabwerera pang'onopang'ono, mutu uli pansi.

Tsiku lina anamuzula kokonati uja. Anamuika pakhutu n'kumugwedeza.

Zii.

Anagwedezanso mwamphamvu.

Zii.

Misozi inalengeza m'maso mwake. Anathamangira m'nyumba, kokonati ali m'manja. Amayi anali pa makina osokera.

"Amayi, wafa! Madzi atha! Bambo ndikawauza chiyani?"

Amayi anaimitsa makina. Anamupukuta misozi ndi kansalu. Kenako anatenga foni n'kuwaimbira Bambo.

"Bambo, pepani," anatero Kachiwala akusisima. "Kokonati wanu wasiya kulira."

"Wadziwa bwanji, mwana wanga?"

"Ndimamugwedeza tsiku lililonse."

"Tsiku lililonse?" Bambo anaseka mpaka kutsokomola. "Tayang'ana kumutu kwake. Ukuona chiyani?"

Kachiwala anayang'anitsitsa. Pakati pa makoko panali kansonga koyera. Kanali kakang'ono ngati dzino la mwana.

"Kameneko ndi kamtengo," anatero Bambo. "Madzi aja kamwa ndi komweko. Tsopano kakufuna kutulutsa mizu. Usamuzulenso, mizu ingaduke."

"Nanga ndizidziwa bwanji kuti ali moyo?"

"Uzingodikira, mwana wanga. Inenso kuno ndimangodikira tsiku lodzakuona."

Kachiwala anamugoneka kokonati m'ndowa. Anamukwirira bwinobwino. Msana wake anausiya poyera.

Kudikira ndiye kunali kowawa! Manja ankamuyabwa. Ankafuna kumugwedeza kamodzi kokha. Ndiye akatha kuthirira, ankakhala pansi n'kukhalira manja ake.

"Lero wailesi sutsegula?" anafunsa achimwene.

"Yagona," anatero Kachiwala. "Musasokose."

Anathirira, anadikira. Anathirira, anadikira. Kansonga kaja kanabiriwira. Kanatalika. Tsamba linatambasuka. Kenako linabwera lina.

Tsiku lina masana galimoto inalira pamsewu. Inaima pachipata penipeni. Chitseko chinatseguka.

"Bambo!"

Bambo anamunyamula m'mwamba. Malaya awo ankanunkha fumbi ndi mafuta. Kachiwala sanafune kutsika.

Onse anapita kuseri kwa nyumba. Achimwene anakumba dzenje. Amayi anabweretsa madzi. Bambo anapendeketsa ndowa mosamala. Mizu inali mbwee, yonse yamoyo! Kachiwala anakwirira ndi manja ake.

"Adzabereka liti, Bambo?"

"Ukadzatalika ngati amayi ako."

"Iii, ndiye n'kutalitu!"

"N'kutalidi."

Kachiwala anafunsa motsitsa mawu. "Inu mudzakhalapo?"

Bambo ananjuta pafupi naye. "Ndizipita kuntchito, koma ndizibwera. Kokonati woyamba tidzamuswa ine ndi iwe."

Kachiwala anagwira dzanja la Bambo. Manja onse awiri anali matope okhaokha.

"Koma lero musapite."

"Lero sindipita," anatero Bambo. "Mawanso ndili pompano."