Hamala ya Ababa Yakhala Chete

Kamsomali anali mtsikana wochepa thupi. Anali woonda, wowongoka, wamutu waukulu pang'ono. Bambo ake atamuona anangoseka. Anati, "Aka ndi kamsomali kanga." Dzina linakakamira pomwepo.

Bambo ake anali okhoma malata. Tsiku lililonse ankakwera padenga. Kamsomali ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti bambo ake azitsika kukatentha.

Chaka chimenecho kunatentha koopsa. Kunkatentha m'mawa. Kunkatentha masana. Phula la mumsewu linafewa. Agalu ankagona pansi pa magalimoto, malilime ali panja. Madzi a pampopi ankatuluka ofunda.

Kusukulu, aphunzitsi anajambula dziko pabolodi. Analijambula lozungulira ngati mpira.

"Magalimoto amatulutsa utsi," anatero aphunzitsi. "Mafakitale amatulutsa utsi. Tikaotcha mafuta ndi malasha, utsi umakwera kumwamba. Mitengo imayeretsa mpweya, koma tikuidula. Ndiye utsiwo wafunditsa dziko ngati bulangete. Kutentha kwa dzuwa kumalowa. Koma kutuluka kumavuta."

Kamsomali anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, nanga bulangetelo alichotse ndani?"

"Tonsefe, mwananga. Koma si ntchito ya tsiku limodzi."

Kenako aphunzitsi anawauza zochita munthu akakomoka ndi dzuwa. Ana onse anamvetsera ali duu. Tsiku lomwelo sukulu inatsekedwa chifukwa cha kutentha.

Kamsomali anafika kunyumba mtima uli m'mwamba.

Bambo ake anali ndi malamulo awiri pantchito. Loyamba linali lakuti padenga samwa madzi.

"Madzi amanditumiza kuchimbudzi," ankatero. "Wokhoma malata amakwera kamodzi, amatsika kamodzi. Agogo ako ankachita chomwecho."

Lachiwiri linali la makwerero. Akafika padenga, ankakoka makwerero n'kuwagoneka pamalata. Izi zinayamba kale. Kamsomali ali ndi zaka zitatu, anawatsatira pamakwerero. Anakwera masitepe asanu! Amayi ake anakuwa mpaka mawu anatha. Kuyambira pamenepo, makwerero sankatsala pansi.

"Ababa, mawa musakwere," anatero Kamsomali. "Dziko lafunda bulangete."

Bambo ake anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Dzuwa ndi lomweli, mwanawe. Ine ndi ilo timadziwana."

"Koma dzuwa la agogo si dzuwa la lero!"

Amayi anapukusa mutu.

"Usatope nawo, mwananga. Makani a bambo akowa, ngakhale hamala singawawongole."

M'mawa amayi anapita kuntchito. Anasiya Kamsomali kwa mayi atelala oyandikana nawo. Bambo ake anapita kukakhoma nyumba yatsopano. Nyumbayo inali mumsewu womwewo.

Kamsomali anakhala pakhomo pa atelala. Makina osokera ankalira. Koma iye ankamvera hamala.

Kho! Kho! Kho!

Dzuwa linakwera.

Kho! Kho! Kho!

Dzuwa linakweranso. Mumsewu munalibe munthu. Mbalame sizinkalira.

Kho! Kho!

Dzuwa linafika paliwombo.

Kho.

Kenako kunali zii.

Kamsomali anadikira. Anawerenga mpaka khumi. Anawerenganso mpaka khumi. Hamala sinalire. 

"Amayi atelala, hamala yasiya kulira."

"Akupuma, mwanawe," anatero atelala, maso ali pansingano.

"Ababa sapuma padenga."

"Mwina misomali yawathera."

"Misomali ndawawerengera ndekha. Ndi yambiri."

Atelala anaimitsa makina. Nawonso anatchera khutu. Kunali zii.

"Tiye," anatero.

Atelala anali ndi bondo lopweteka. Ankayenda pang'onopang'ono. Kamsomali anathamanga n'kuwasiya.

Panyumba yatsopano panalibe munthu. Chipewa cha bambo ake chinali pansi. Kamsomali anayang'ana kumwamba. Malata anamuthobwa m'maso. Kenako anaona nsapato. Phazi limodzi linali lendee m'mphepete mwa denga. Silinkagwedera.

"Ababa!"

Palibe anayankha.

"Ababa! Ndine! Ababa!"

Palibe anayankha.

Kamsomali anazungulira nyumba. Anafuna makwerero kutsogolo. Anafuna makwerero kuseri. Makwerero kunalibe. Anali padenga pomwepo, atagona pambali pa bambo ake.

 Misozi inatuluka yokha.

Atelala anafika ali wefuwefu. Anaona phazi lija n'kugwira pakamwa. Anaimba foni kuchipatala.

"Ambulansi ibwera," anatero. "Koma akuti lero akomoka ambiri. Tiwatsitse tokha. Thamanga, mwananga! Kafune makwerero!"

Kamsomali analiyatsa liwiro.

Anafika kwa ometa tsitsi.

"Amalume, muli ndi makwerero? Ababa akomoka padenga!"

"Mayo ine! Ndilibe, mwanawe. Koma ndikupita komweko."

Ometa anataya lumo n'kuthamanga. Anasiya munthu atametedwa mbali imodzi.

Kamsomali anafika kusitolo. Anagogoda. Anagogodanso.

"Muli ndi makwerero? Ababa akomoka padenga!"

Sitolo inali yotseka. Palibe anatsegula.

Kamsomali anathamangabe. Patapata wake anamatirira paphula n'kuduka. Msewu unamuotcha phazi. Zinawawa kwabasi. Koma sanaime. Kukhosi kunauma gwa. Mumtima ankangoti, "Ababa, dikirani. Ababa, dikirani."

Kumapeto kwa msewu kunkakhala bambo openta nyumba. Anali atagona pamthunzi, chipewa kumaso.

"Amalume, muli ndi makwerero? Ababa akomoka padenga!"

Openta anadzambatuka.

"Ndili nawo! Tsogola!"

Openta anasenza makwerero paphewa. Kamsomali anawanyamulira chingwe. Anathamanga onse awiri.

Openta anaimika makwerero n'kukwera. Atagwira malata, anakuwa.

"Aaa! Malatawa ndi moto!"

Atelala anali atabweretsa ndowa ya madzi. Anali atabweretsanso nsalu yoyera, yatsopano. Inali ya diresi la ukwati la munthu wina. Anaiviika yonse m'madzi.

"Mkwatibwi andikhululukira," anatero. "Kulungani m'manja!"

Openta anakwera padenga. Ometa nawonso anakwera. Kamsomali anagwira makwerero pansi. Anagwira ndi manja onse awiri. Sankaona zochitika pamwamba. Ankangomva malata akulira.

"Ali moyo?" anafunsa. Mawu ake anatuluka aang'ono.

 Kamsomali anasiya kupuma.

"Akupuma!" anafuula ometa. "Akupuma, mwanawe!"

Awiriwo anawamanga bambo ake chingwe m'khwapa. Anawatsitsa pang'onopang'ono. Pang'onopang'ono. Mpaka anafika pansi.

Bambo ake anali atatseka maso. Thupi linali moto. Khungu linali louma, lopanda thukuta. Kamsomali anali asanawaonepo chonchi. Bambo amphamvu aja anali lobodo.

Ometa anatunga madzi m'kapu.

"Tiwamwetse," anatero.

"Ayi, amalume!" anatero Kamsomali. "Aphunzitsi anati wokomoka samwetsedwa. Angatsamwe. Tiwaike pamthunzi. Tiwavule nsapato. Tiwanyowetse thupi."

Akuluakulu aja anayang'anana. Kenako anamumvera.

Anawagoneka pamthunzi. Anawavula nsapato. Anawaika nsalu yonyowa pakhosi ndi m'khwapa. Kamsomali anatola katoni. Anayamba kuwakupiza.

Anakupiza. Anakupiza. Manja anatopa. Anakupizabe.

Patali panamveka ambulansi.

Kuchipatala kunali anthu ambiri. Ena anagona pamabenchi. Ena anagona pansi. Onsewo linali dzuwa lomwelo. Anamwino anawaika bambo ake diripi. Anamumanganso Kamsomali bandeji kuphazi.

Amayi anafika akuthamanga. Anamukumbatira Kamsomali zolimba. Awiriwo anakhala pambali pa bedi. Anadikira. Madzi a m'diripi ankadontha limodzilimodzi.

Kenako chala cha bambo ake chinagwedera. Maso anatseguka.

"Ndatsika bwanji?" anafunsa. "Denga sindinamalize."

Amayi anaseka uku akulira.

"Tamverani munthuyu! Akufunsa za denga!"

Anamwino anabwera, manja ali m'chiuno.

"Bambo, mukanakhala pamenepo kanthawi kena, bwenzi tikunena zina. Kutentha kwa masiku ano si kwa kale. Chaka ndi chaka kukuwonjezeka. Thokozani mwanayu."

Kamsomali anawerama. 

"Ababa, ndine ndalakwa. Mumakoka makwerero chifukwa cha ine."

Bambo ake anatambasula dzanja. Anamugwira pamutu.

"Ayi, mwana wanga. Wolakwa ndine. Unandiuza, ine ndinaseka. Lero ndaopa. Ndinaona mdima masanasana."

"Inenso ndinaopa, Ababa."

"Ndikudziwa. Pepa, Kamsomali wanga."

Patapita masiku atatu, bambo ake anatuluka m'chipatala. Anapita kukathokoza ometa. Anapita kukathokoza openta. Atelala anawaonetsa diresi la ukwati. Linali litachapidwa, lili mbee.

Malamulo akale anatha. Tsopano bambo ake ankadzuka m'mamawa kwambiri. Ankakwera kukadali kozizira. Ankanyamula mabotolo awiri a madzi. Makwerero ankatsala pansi. Dzuwa likayamba kuswa mtengo, ankatsika.

Tsiku loyamba anafika kunyumba masana. Sanadziwe chochita. Anakhala pampando. Anaimirira. Anakhalanso.

"Mukundizunguza mutu," anatero amayi. "Tagonani uko!"

Amayi anayala mphasa kuseri kwa nyumba, pamthunzi. Bambo ake anagona chagada. Anatseka maso. Anangoti phee.

Kamsomali anawayang'ana.  Maso otseka aja anamuopsanso. Anasendera pafupi. Anasenderanso. Anaika khutu pafupi ndi mphuno yawo.

Khrooo!

Kamsomali analumpha. Bambo ake anali kuliza mkonono. Unali mkonono waukulu, wochititsa manyazi. Mphaka wa atelala anathawa pampanda.

"Adzutse," anatero amayi akuseka. "Atisokosera anthu."

"Ayi, Amayi," anatero Kamsomali. "Asiyeni."

Anagona pambali pawo, mutu pamkono wawo. Amayi nawonso anabwera pamphasa. Mkonono unapitirira. Kamsomali anangomvetsera, ali mwee.