Dayamondi mu Mng'oma wa Pius

Mtembo wa Pius Msukwa unapezeka Lachiwiri m'mawa, m'munda wake wa khofi kumphepete kwa nkhalango ya Mughese. Anamutema m'mutu, matumba a malaya onse atatembenuzidwa. Munali mu 2001.

Wapolisi wofufuza milandu, Wongani Silungwe, atafika kuchokera kuboma anapeza anthu atamanga kale Sosten, mng'ono wa malemuyo. Awiriwo ankalimbirana malire a munda.

"Tinkakangana, inde," Sosten anatero. "Koma kupha akulu anga? Yayi, bwana."

Silungwe anamutsekera m'chitolokosi kuti anthu asamuphe, n'kupita kwa Joyce, mkazi wa Pius.

"Pepani, mama. Abambo anali ndi nkhawa iliyonse?"

"Anapeza timiyala tonyezimira m'thumba la khofi la Happy Banda, wamalonda uja. Anati n'ta ku nkhondo ya ku Congo, tili ndi magazi. Ankafuna kubwera nato kwa inu."

"Tili kuti?"

"Sanandiuze. Anangoti atiika pomwe munthu sangapisepo dzanja."

Silungwe anabwerera kumunda. Kuseri kwa nthochi anapeza mng'oma uli pansi, njuchi zili wirawira, chivundikiro chitatayidwa patali. Mlimi wina anazifukizira utsi n'kupisa dzanja. Munatuluka kansalu komanga, muli timiyala totuwa.

Silungwe anamupeza Happy m'sitolo yake pa Misuku, atavala chipewa chophimba makutu dzuwa likuswa mtengo.

"Vulani chipewacho, a Banda."

Makutu anali otupa, khosi lonse zilonda zokhazokha.

"Ndi malungo, bwana."

"Malungo a mbola?" Silungwe anayala kansalu kaja patebulo. "Mng'oma munaugwetsa, koma eni ake anakuthamangitsani."

Happy anakhala pa thumba la mchere.

"Mzigo wa timiyalati sunali wanga. Anandipatsa anthu a mfuti, kuti ukafike ku Mbeya, akausakanize ndi dayamondi wabwino, akapangire mphete. Ndinamuchonderera Pius kuti andibwezere. Anati mkazi asavale pachala magazi a mwana wophedwa. Anandiuza za mng'omawo nditamumenya kale, kenako anakuwa, ndiye ndinatenga chikwanje."

Madzulo Silungwe anatsekula chitolokosi yekha.

"Tulukani, dada. Wopha akulu anu wapezeka."

Sosten anaimirira n'kutuluka. Panja Joyce anali akudikira. Anamugwira mkono mlamu wakeyo, ndipo ananyamuka limodzi kukakonza maliro.