Lalanje Lobwerera

Panali kamtsikana kena, dzina lake losereula Kafunso. Amayi ake ankagwira ntchito yoyeza liwiro la madzi mumtsinje. Kafunso ankalakalaka atayezako.

"Lero uponya ndiwe lalanje," anatero amayi.

M'mbali mwa mtsinje munali zikhomo ziwiri. China kumtunda, china kumunsi. Pakati pake panali mamita khumi.

"Uponyere pa chikhomo ichi," anatero amayi. "Ine ndikadikira pa chinacho ndi wotchi. Lalanje likafika msanga, ndiye kuti madzi akuthamanga."

M'mawa umenewo kunali nkhungu. Amayi analowa m'nkhungumo. Sanaonekenso.

Kafunso anaponya lalanje. Chubwi!

Mtsinje unali zii. Achule zii. Mbalame zii.

"Amayi, lafika?"

"Silinafike!" Mawu awo anamveka ngati akuchokera pansi pa madzi.

Kenaka lalanje lija linatulukira m'nkhungu. Linkabwerera pang'onopang'ono. Linadzaima pamapazi pake.

 Kafunso analitola. Analiponyanso. Chubwi!

Linabweranso.

"Akundibwezera ndani?" ananong'ona.

Kumunsi kunamveka kanthu. Kwiii... kwiii...

Kafunso anayang'ana pansi. Poyamba anaima pamchenga wouma. Tsopano madzi anali mu akakolo.

"Amayi! Madzi akukwera! Akubwerera m'mbuyo!"

Amayi anabwera chothamanga. Anamugwira dzanja. Anatsikira limodzi kumunsi.

M'nkhungu munali chinthu chakuda. Chinali ndi mikono italiitali. Chinali ndi zala zambirimbiri. Kwiii...

"Amayi, n'chilombo?"

Mphepo inaomba. Nkhungu inasuntha. Unali mtengo waukulu! Unagwa n'kutseka mtsinje, mizu ili m'mwamba.

"Madzi asowa njira," anatero amayi. "Akapitiriza kukwera, alowa m'nyumba zathu. Waona bwino, mwanawe. Thamanga, kaitane bambo ako!"

Kafunso analiyatsa liwiro.

Bambo anabwera ndi anzawo. Anatenga nkhwangwa ndi zingwe. Anadula. Anakoka. Anadulanso. Anakokanso.

Mtengo unasuntha. Waaa! Madzi anadutsa. Achule anayambanso kulira.

Madzi atakhazikika, Kafunso anaponyanso lalanje. Chubwi! Ulendo uno silinacheuke.

"Lafika!" anafuula amayi. "Mamita khumi, masekondi asanu. Gawa tione."

Kafunso anawerenga ndi zala.

"Mamita awiri pa sekondi iliyonse!"

"Wakhoza!" anatero amayi.

Bambo anakhala pamwala. Anali matope okhaokha. Mwadzidzidzi anadumpha.

"Mayo ine!"

Anavula jombo mofulumira. Munatuluka kankhanu. Kanathawira kumadzi cham'mbali.

"Aka kokha musakayeze," anatero bambo, atagwira chala. "Kamaluma mwaliwiro!"

Amayi anaseka mpaka misozi. Kafunso anakwera pamsana pa bambo ake, matope omwewo. Onse atatu anapita kunyumba akusekabe.